Zingwe za raketi ya tenesi: tiziyesa bwanji tisanagule mpukutu wonse?

Wa ku Luwinga:

Moni akuluakulu. Tili ndi kagulu ka osewera tenesi kuno ku Mzuzu, akulu ndi ana a sekondale omwe, ndipo timasewera pa bwalo la simenti kawiri kapena katatu pa sabata. Tasonkherana ndalama kuti tiitanitse mpukutu wa zingwe wa mamita 200, poti kugula paketi imodziimodzi kukutidyera ndalama zambiri. Koma mpaka pano sitinagwirizane mtundu wake. Ena akuti tigule polyester chifukwa siduka wamba. Ena akuti polyester yomweyo ikangotha milungu ingapo mpira umayamba kuthawira kunja kwa mzere, chigongono nacho n'kumawawa. Za nayiloni aliyense akuvomera kuti zimakoma m'dzanja, koma anyamata awiri omenya mwamphamvu amazidula mwezi usanathe.

Chingwe timachiyesa bwanji kuti tidziwe ngati chimasunga kukungika kwake, ngati chimamveka bwino pomenya, komanso ngati n'cholimba? Makina oyezera tilibe. Amene mumaidziwa ntchitoyi tithandizeni tisanataye ndalama.

Mlukaraketi:

Achimwene, musanayese kalikonse mudziwe kuti chingwe chimafa pawiri. Pali kuduka, komwe aliyense amakuona, ndiye pali kutha mphamvu chikadali chathunthu pa raketi. Anzanu amene akutamanda polyester akuwerenga tsiku loduka lokha. Amene akudandaula chigongono akusewera ndi chingwe chomwe chinafa kalekale koma sichinaduke. Mukagula potengera kusaduka kokha, mugula chimene chizipweteka anthu ambiri pagulu lanulo kuti musangalatse anyamata awiri.

Chingwe chilichonse chikangochoka pa makina chimayamba kukhwefuka, ngakhale raketiyo ili chipachikire pakhoma. Tsiku loyamba lokha chimatha kutaya pafupifupi 10 peresenti ya kukungika kwake. Zotsatira zake zimadalira chimene anapangira chingwecho.

Natural gut amaipanga kuchokera ku matumbo a ng'ombe, ndipo kampani ya Babolat ya ku Lyon ku France inayamba kupanga zingwe zamtunduwu mu 1875. Palibe chingwe choposa chimenechi pa kusunga kukungika ndi kufewa m'dzanja. Koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri ndipo chimadana ndi chinyezi, choncho pa mpukutu wa gulu musachiganizire n'komwe. Multifilament, monga Wilson NXT kapena Tecnifibre X-One Biphase, ndi timaulusi tambirimbiri ta nayiloni tomatidwa pamodzi. Imafewa, imasunga kukungika bwino ndithu, koma womenya mozunguliza mpira amainyotsola msanga. Mumaona ikutulutsa ubweya pakati pa raketi isanaduke. Synthetic gut, monga ya Prince, nayonso ndi nayiloni, koma ili ndi mtima umodzi wolimba pakati wokulungidwa ndi timaulusi kunja. Imeneyi ndi yapakati pa zonse, ndipo ndi yotsika mtengo.

Polyester ndi ulusi umodzi wouma. Inatchuka katswiri wa ku Brazil Gustavo Kuerten atapambana mpikisano waukulu wa ku France wa Roland Garros mu 1997 ndi zingwe za kampani ya Luxilon, ndipo lero akatswiri ambiri amasewera ndi zingwe zamtunduwu. Ubwino wake ndi wakuti ndi yoterera: mukamenya mokweza raketi, zingwe zotsika (zochokera kumutu kwa raketi kupita kukhosi) zimatsetserekera m'mbali n'kubwerera mwamsanga mpira usanachoke, ndipo kubwererako n'kumene kumawonjezera kuzungulira kwa mpira. Kuipa kwake n'kwakuti sitanuka. Nayiloni ili ngati mphira ya legeni, ukaikoka imabwerera. Polyester ikakokedwa kambirimbiri imatalika n'kukhala momwemo. Pakatha maola 10 mpaka 15 akusewera mwamphamvu, zambiri zimakhala zatha ntchito. Akatswiri amene mumawaona pa TV sadikira zimenezo. Ambiri amasintha raketi pamene mipira ikusinthidwa, ndiye kuti pakatha magemu 7 oyamba, kenako magemu 9 aliwonse.

Tsono kayesedwe. Musaitanitse mpukutu kaye. Gulani mapaketi a mamita 12, awiri a mtundu uliwonse umene mukuuganizira. Pezani maraketi awiri ofanana dzina ndi kulemera, ndipo awaluke munthu mmodzi, pa makina amodzi, tsiku limodzi. Mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, monga chingwe ndi woluka, simudzadziwa chimene chabweretsa kusiyanako.

Choyezera muli nacho kale m'thumba. Pali mapulogalamu a pafoni, monga RacquetTune, amene amamvetsera kulira kwa zingwe. Chotsani kamphira koletsa kunjenjemera, gwirani raketi pakhosi mosafinya, gogodani pakati pa zingwe ndi chogwirira cha supuni, foni ili pafupi, m'chipinda mopanda phokoso. Lembani nambala m'kope raketi ikangochoka pa makina, mawa lake isanasewere, kenako pakatha maola awiri, asanu ndi khumi akusewera. Ngati pulogalamuyo ikupatsani kulira mu Hz (kuchuluka kwa kunjenjemera kwa zingwe pa sekondi), dziwani kuti kulira kukatsika ndi 5 peresenti, kukungika kwatsika ndi pafupifupi 10 peresenti. Mwachitsanzo kuchoka pa 500 Hz kufika pa 475 Hz ndiye kuti chingwe chataya gawo limodzi mwa magawo khumi. Kopelo likuonetsani kuti synthetic gut imatsika tsiku loyamba n'kuyamba kukhazikika, pamene polyester imatsika kwambiri poyamba ndipo imapitirirabe.

Werengani maola osewera, osati masiku. Mwezi wa munthu wosewera Loweruka lokha si mwezi wa mnyamata amene ali pabwalo madzulo aliwonse.

Mphunzitsi wa ana:

Zimene anena a Mlukaraketi nzoona, koma nambala ya pafoni singakuuzeni mmene chingwe chikumvekera m'dzanja. Zingwe ziwiri zikhoza kulira mofanana, china n'kukhala chouma ngati thabwa, china chofewa, chifukwa kuuma kumachokera ku chopangira osati kukungika kokha. Polyester yokungidwa pa makilogalamu 22 imaumabe kuposa multifilament ya pa 25.

Poyesa kamvekedwe, matani tepi pamalo olembedwa dzina la chingwe ngati alipo, ndipo wosewerayo asauzidwe kuti raketi iyi ili ndi chiyani. Munthu akadziwa kuti ichi ndi chodula amachikonda asanamenye n'komwe. Mipira ikhale ya m'chitini chimodzi. Ayambe ndi mipira ya pafupi ndi neti yomenya isanagwe pansi, chifukwa pamenepo ndi pamene kuuma kumamveka kwambiri. Kenako abwerere ku mzere wakumbuyo amenye 20 modutsa pakona, wina aziwerenga ingati yagwa kupitirira mzere wa sevisi koma m'kati mwa bwalo, ingati yathawa. Amalize ndi kuseva. Asinthe raketi n'kubwereza zomwezo. Funso lomaliza mulifunse mawa lake m'mawa: chigongono, phewa ndi polumikizira dzanja zili bwanji? Kupweteka kwa chingwe chouma sikubwera pabwalo, kumabwera podzuka, munthu akamanyamula ketulo kapena kupotokola chogwirira chitseko. Mayeso amenewa muwabwereze pakatha maola khumi akusewera, poti chingwe chatsopano chilichonse chimakoma.

Pali chinthu cha kuno kwathu chimene chimasokoneza mayeso ambiri. Mzuzu ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, ndiye mpira umathamanga kwambiri, umadumpha kwambiri, ndipo ngakhale muuzungulize sugwa msanga ngati mmene ungachitire kunyanja ku Nkhata Bay. Malamulo a ITF, bungwe loyang'anira tenesi padziko lonse, amalola mipira yapadera pa malo okwera kupitirira mamita 1,219, ndiye kuti ife tangodutsa pang'ono malire amenewo. Choncho mpira ukamathawa musafulumire kuimba mlandu chingwe. Ambiri osewera kumtunda amawonjezera kilogalamu imodzi pa kukunga kwawo. Pa nayiloni zimenezo zilibe vuto. Pa polyester ndingakane, makamaka kwa akulu, chifukwa mukuumitsa chinthu chouma kale.

Nyengo nayo muiwerengere. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira, zingwe zimauma ndipo mipira sidumpha bwino. Raketi yomweyo mu Okutobala masana imamveka yofewa ndi yoponya kutali. Musayerekeze chingwe choyesedwa nthawi yozizira ndi china choyesedwa nthawi yotentha. Ndipo raketi isasiyidwe m'galimoto yotseka padzuwa. Kutentha kwa mmenemo kumakhwefula zingwe, ndipo zikazizira sizibwereranso pamene zinali.

Za ana ndinenetse. Mwana amene sanayambe kudula zingwe alibe chifukwa chosewerera polyester. Mphamvu yoti zingwe zouma zitsetsereke n'kubwerera alibe, ndiye phindu lake salipeza, amangolandira kugunda kwake m'mafupa amene akukulabe. Mpatseni synthetic gut pakati pa manambala olembedwa pakhosi pa raketi, kapena kutsikirapo pang'ono. Maraketi ambiri amalembedwa mapaundi 50 mpaka 60, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 23 mpaka 27.

Wa ku Luwinga:

Zikomo a Mlukaraketi ndi aphunzitsi. Ndiye zikuoneka kuti ambiri mwa ife tikufunika synthetic gut. Nanga anyamata awiri odula zingwe aja titani nawo? Komanso pa mapaketi tikuona manambala 15L, 16 ndi 17. Kusiyana kwake n'kotani? Mmodzi wa anyamatawo zingwe zake zimadukira pafupi ndi felemu, osati pakati.

Mayi wa ku Katoto:

Bambo, mawu anu omalizawo ndi ofunika kuposa funso la mtundu wa chingwe. Chingwe chikaduka musachitaye musanaone pamene chadukira, chifukwa malowo amanena chimene chachitika.

Chikaduka pakati pa raketi, pamene mpira umagunda kawirikawiri, ndiye kutha kwabwinobwino. Kankhirani chingwe chotsika m'mbali ndi chala muyang'ane pamene chimagundana ndi chopingasa. Mupeza kangalande kokumbika ndi kukhulana. Kangalandeko kakafika theka la kunenepa kwa chingwe, kwatsala pang'ono kuti chiduke. Umu ndi mmene mungayezere kulimba osadikira kuduka: pakatha maola asanu, kenako khumi, yerekezani kuya kwa timingalande pa maraketi awiri aja, pa zingwe zinayi zapakati. Nthawi zambiri zoduka ndi zotsika, poti ndi zimene zimayenda mpira ukamazungulizidwa.

Chikaduka pafupi ndi felemu, mlandu kawirikawiri si wa chingwe. Pali zifukwa zitatu zoti mufufuze. Choyamba ndi timapaipi tapulasitiki ta m'mabowo a felemu. Tikang'ambika, chingwe chimagona pa mpeni wa felemu yeniyeniyo ndipo chimadulidwa ngakhale chili chatsopano. Yang'anani bowo limene chadukiralo. Ngati kapaipi kasweka kapena kaphwatalala, sinthani timapaipi tonse, kapena woluka alowetsemo kachubu kakang'ono ka nayiloni. Pa bwalo la simenti onaninso chapulasitiki choteteza mutu wa raketi. Chikaperepeseka ndi kukhula pansi, zingwe zodutsa kunja kwa felemu zimatulukira poyera n'kumakhula simenti. Chachiwiri ndi kumenya mpira ndi m'mphepete. Pafupi ndi felemu chingwe chilibe malo otanukira, ndiye mpira wamphamvu umachidula kamodzi n'kamodzi, ndipo polyester yopyapyala imachita zimenezi kwambiri. Pakaduka motere pamakhala posalala, popanda kangalande kapena ubweya. Chachitatu ndi dzanja la woluka: chopanira zingwe cha pa makina olukira chikathina kwambiri chimaphwanya chingwe n'kusiya timadontho toyera, ndipo chisongole cholowetsedwa m'bowo mosasamala chimachicheka.

Ngati vuto la mnyamatayo ndi timapaipi, mukhoza kumugulira chingwe cholimba chotani, chidzadukabe pamalo omwewo.

Za manambala: nambala ikakula, chingwe chimapyapyala. 15L ndi pafupifupi mamilimita 1.35, 16 ndi 1.30, ndipo 17 ndi 1.25. Makampani amasiyana pang'ono, choncho werengani mamilimita osati nambala yokha. Chonenepa chimachedwa kuduka, chopyapyala chimatanuka bwino ndipo chimamveka bwino m'dzanja. Wodula 17 ayambe wayesa 16, wodula 16 ayese 15L, asanathamangire ku polyester. Onaninso kalukidwe ka raketi. Ya zingwe 16 zotsika ndi 19 zopingasa ili ndi mipata yaikulu, zingwe zimayenda kwambiri n'kudyana msanga. Ya 18 ndi 20 imasunga zingwe nthawi yotalikirapo. Bwalo likhale losesa, ndipo mipira yonyowa ndi mvula yamawawa ija musamasewerere. Ubweya wonyowa umatola mchenga, mpira umalemera, ndipo mchengawo umakalowa pamphambano za zingwe n'kumazipala.

Pa za foni ndisiyane pang'ono ndi a Mlukaraketi. Nambala ya makilogalamu imene pulogalamu imapereka musaikhulupirire ngati sikelo, chifukwa imadalira kuti mwalowetsa molondola kukula kwa mutu wa raketi ndi kulemera kwa chingwe. Igwiritseni ntchito poyerekeza raketi imodzi lero ndi raketi yomweyo sabata yamawa, basi. Musapite nayo kwa woluka kukakangana naye kuti wakubera makilogalamu awiri.

Chingwe chikaduka, dulani zotsalazo tsiku lomwelo. Yambirani pakati, chotsika chimodzi ndi chopingasa chimodzi mosinthana, mukupita kunja. Mukazisiya, felemu imakokedwa mbali imodzi ndipo imatha kupindika kapena kuchita mng'alu.

Mlukaraketi:

Mayi anena zoona pa za foni, n'chifukwa chake nambala yoyamba iyenera kutengedwa raketi ikangochoka pa makina, kuti zinazo ziziyerekezedwa ndi imeneyo.

Ndiwonjezere za makina, chifukwa kukhwefuka kwina kumene anthu amanamizira chingwe kumachokera pamenepa. Makina opukusa ndi dzanja amakoka n'kutseka akangofika pa nambala, ndiye chingwe chimayamba kukhwefuka chisanapanidwe n'komwe. Makina a chitsulo cholendewera ndi amagetsi amapitiriza kukoka mpaka woluka atapana. Chifukwa cha zimenezi, makilogalamu 24 a makina opukusa amatuluka ofewa ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri poyerekeza ndi 24 wa makina enawo. Raketi yolukidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ikamveka mosiyana ndi yolukidwa kuno pa nambala yomweyo, yambani mwafunsa mtundu wa makina. Woluka akhoza kuyesa makina ake ndi sikelo yopachika yoyezera katundu: amange kachingwe ku sikelo, akoke pa 25, aone ngati sikelo ikuvomereza.

Zopanira zizitsukidwa ndi sipiriti ndi mswachi wakale, poti mafuta a pa zingwe amaziteretsa ndipo chingwe chimapulumuka pang'onopang'ono osaoneka. Chingwe chilichonse chikokedwe pachokha. Kukoka ziwiri nthawi imodzi n'kofulumira koma chachiwiricho chimatsala chokhwefuka. Zopingasa zisakokedwe mothamanga pamalo amodzi, chifukwa kukhulanako kumawotcha zotsika n'kuyambitsa kangalande raketi isanaone mpira. Woluka azizikankhira mmwamba ndi chala uku akukoka. Chingwe chomaliza chisanamangidwe mfundo ambiri amachiwonjezera makilogalamu awiri, poti pomanga chimabwerera pang'ono. Multifilament mukhoza kuikoka kaye musanaluke: ikoleni pa mzati wosalala, gwirani nsonga zonse ziwiri, tsamirani kumbuyo kwa masekondi 30 mpaka 45. Imataya pang'ono kutanuka koma imakhazikika msanga.

Tsono anyamata awiri aja. Ngati timapaipi tili bwino ndipo 15L akuidulabe pakati, alukireni zosakaniza: polyester ya 1.25 pa zotsika, synthetic gut ya 1.30 pa zopingasa. Zotsika ndi zimene zimaduka, ndiye mwaika cholimba pamene pakufunika, ndipo zopingasa zofewa zimachepetsa kugunda. Polyester ikungidwe motsika ndi 5 mpaka 10 peresenti poyerekeza ndi nayiloni. Amene anazolowera 25 ayambe ndi 23 pa zotsika, zopingasa zikhale pa 24 kapena 25. Kulukako kumakhala kwa zidutswa ziwiri ndi mfundo zinayi, ndipo zopingasa ziyambire kumutu kutsikira kukhosi kuti felemu isapanikizike. Katswiri Roger Federer ankachita motembenuza, natural gut pa zotsika ndi Luxilon ALU Power Rough pa zopingasa, koma cholinga chake chinali kamvekedwe, osati kulimba. Pa polyester yeniyeniyo, zosalala zozungulira monga Yonex Poly Tour Pro sizidya chingwe chinzake msanga. Zokhala ndi ngodya monga Solinco Hyper-G kapena Babolat RPM Blast zimapala nayiloni yopingasayo, ndiye pa zosakaniza ndingasankhe yosalala.

Anyamatawo aphunzire kuzindikira polyester yakufa. Ikakhala yamoyo, zingwe zotsika zimabwerera zokha pamzere mukamaliza kumenya. Mukayamba kuziona zitakhota, n'kumaziwongola ndi zala pakati pa mapointi, kuterera kwatha. Kulira kumasintha kuchoka pa kuthetheka n'kukhala kogontha, ndipo mipira imene inkagwa m'kati imayamba kupitirira mzere ndi phazi limodzi kapena awiri. Pamenepo dulani, ngakhale chingwe chikuoneka chatsopano. Kwa ena onse a synthetic gut amene sadula, lamulo lakale likugwirabe ntchito: wosewera katatu pa sabata aluke katatu pa chaka, ndipo amenewo ndi malire otsikitsitsa.

Pa masamu a ndalama zanu, mpukutu wa mamita 200 umaluka maraketi 16 pa mamita 12 iliyonse, n'kutsala mamita 8. Woluka wodziwa kuyeza amatha kutulutsa 17, chifukwa maraketi ambiri safuna mamita 12 onse. Paketi imodzi ya polyester ikadulidwa pakati imakwanira zotsika za maraketi awiri pa maraketi ambiri a 16 ndi 19, koma woluka ayeze kaye asanadule, poti mutu waukulu kapena 18 ndi 20 umafuna kupitirira mamita 6. Ndiye ine ndingaitanitse mpukutu wa synthetic gut 1.30 wa gulu lonse, mapaketi ochepa a polyester yosalala 1.25 a anyamata awiriwo, ndi timapaipi tatsopano ta raketi yodukira m'mphepete ija. Timapaipiti tiitanitsidwe ndi dzina lenileni la raketi ndi mtundu wake wa chaka chimenecho, chifukwa ta raketi ina sitilowa. Mpukutuwo usungidwe m'kabati mouma, kutali ndi dzuwa la pawindo.